William Percival Johnson, mbusa amene sanabwerere m'mbuyo

Abale a ku Mecanhelas ndi m'midzi yonse ya m'malire, lero tikumbuke Bambo William Percival Johnson, mbusa wa mpingo wa Angilikani. Anabadwa ku England m'chaka cha 1854, ndipo anafika ku Zanzibar mu 1876.

Mu 1880 anakakhala ku Mwembe kwa mfumu Mataka, muno mu Niassa. Chaka chotsatira katundu wawo analandidwa, iwo nachoka chimanjamanja. Mu 1882 anafika kunyanja, komwe mnzawo Charles Janson anamwalira. Mu 1884 nthenda ya maso inawachititsa khungu. Atachira ankaona pang'ono ndi diso limodzi lokha.

Ambiri akadangoisiya ntchitoyo. Iwo ayi. Anayenda pa sitima yapamadzi yotchedwa Charles Janson, kulalikira ndi kutsegula masukulu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ndi diso lomwelo anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja, limene linatuluka mu 1912.

Anamwalira ku Liuli, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mu 1928. Mavuto anawalanda katundu, bwenzi ndi maso, koma chikhulupiriro chokha sanawalande.