Henry Draper, Sing'anga Wojambula Zakumwamba

Usiku wa January tikakweza maso pano pa Ulongwe, tiona Akamwiniatsatana, nyenyezi zochulidwa m'buku la Yobu, ndipo pafupi pao pali kamtambo kotuwa kosacoka. Woyamba kukajambula ndiye Henry Draper, sing'anga wa ku New York, wobadwa caka ca 1837. Nchitoyi sanalembedwe ndi munthu, anaigwira ataweruka.

Pa 30 September 1880 analozetsa galasi lace pa kamtamboko mphindi 51, kuti kuunika kwace kofookako kuunjikane pa mbale yopaka mankhwala, natsuka mbaleyo mumdima. Cithunzi cinaturuka cacimbuuzi. Munthu wina akadaleka. Iye mu March 1882 anapirira mphindi 137, ndipo mtambowo unaoneka wotambasuka. Anamwalira caka comweco ali ndi zaka 45, ndipo mkazi wace Anna anapereka cuma ku Harvard kuti nchito ya nyenyezi ipitirire.