Beatrice Tinsley ndi Fumbi la m'Milalang'amba

Beatrice Muriel Hill anabadwira ku Chester, m'dziko la England, pa 27 Januwale 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati. Mu 1946 banja lao linasamukira ku New Zealand, kumene anakulira naphunzira fizikisi pa yunivesite ya Canterbury. Mu 1961 anakwatiwa ndi Brian Tinsley, ndipo mu 1963 anapita ku Dallas, ku America, kumene amuna ao anapeza nchito. Mai Tinsley sanapeze malo oyenera maphunziro ao mumzindawo. Motero analembetsa pa yunivesite ya Texas ku Austin, mtunda wa makilomita oposa 300, nayenda ulendo umenewo mobwerezabwereza kufikira atamaliza udokotala wao mu 1966.

Kuti mumvetse cimene iwo anacita, yambani ndi liu lathu lakale lakuti mlalang'amba. Makolo anali kuchula motero mkwasa woyera uja wodutsa pakati pa thambo usiku. Lero tidziwa kuti mkwasawo ndi khamu la nyenyezi mabiliyoni ambiri, dzuwa lathu lili m'gulu lomwelo, ndi kuti makamu otere alipo osawerengeka. Liuli tsono lalandira nchito yatsopano, ndipo ndiona kuti layenera, pakuti sitifunikira kubwereka lina. Milalang'amba yambiri yoyandikana nafe ili ndi mikono yopota ngati nkhata.

M'masiku amenewo akatswiri ochuka, monga Allan Sandage, anali kuyeza kufutukuka kwa cilengedwe pogwiritsa nchito milalang'amba yowala kwambiri, poganiza kuti kuwala kwake sikusintha kwenikweni. Mai Tinsley anawerengera pa kompyuta mmene nyenyezi zimabadwira, kukalamba ndi kufa, nasonyeza kuti mlalang'amba nawonso umakalamba: mtundu wake umasintha, kuwala kwake kumacepa. Zotsatira zao zinasindikizidwa mu 1968. Sandage sanazilandire msanga, koma m'kupita kwa zaka zinaoneka kuti mai uja ndiye analondola.

Mbali ya nchito yao imene ndifuna muisunge bwino ndi iyi. Paciyambi mpweya wa m'mlengalenga unali pafupifupi hayidirojeni ndi hiliyamu zokha. Kaboni, okosijeni, silikoni ndi citsulo zimaphikidwa m'kati mwa nyenyezi. Nyenyezi ikafika paimfa, kaya mwa kuphulika kaya mwa kutaya zikopa zake pang'onopang'ono, imabweza zinthu zolemerazi kumpweya, ndipo mbadwo wotsatira wa nyenyezi umaumbidwa ndi mpweya wonona kuposa woyamba. Zifanana ndi munda wolandira phulusa caka ndi caka. Mai Tinsley anaika nkhani imeneyi m'masamu, kuwerengera zolowa, zotuluka ndi zotsekeredwa m'nyenyezi zosafa msanga. Cimene analemba mu 1980 pa nkhaniyi cikali kuwerengedwa ndi ophunzira.

Nanga fumbi lilowa pati? Mukayang'anitsitsa mlalang'amba wathu m'miyezi yozizira, mudzaona mizere yakuda yougawa pakati. Si mipata ai, koma mitambo ya timbewu tating'ono zedi ta kaboni ndi silikoni totchinga kuwala. Popeza fumbili limaumbidwa ndi zinthu zolemera zomwe zija, kuculuka kwake kumatsata kunona kwa mpweya. Kwathu kuno fumbi limalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya. M'milalang'amba yopota, pakati ndi pamene mibadwo ya nyenyezi yadutsa yambiri, cotero mpweya wa pamenepo ndi wonona ndiponso wafumbi. Cakumphepete zonse ziwiri zimacepa. Citsanzo cabwino ndi M101, kumene okosijeni amacepa pafupifupi kakhumi kucokera pakati kufika kumalire. Makina oonera kutali a Herschel, amene anagwira nchito mumlengalenga kuyambira 2009 mpaka 2013, anathandiza kuonetsa cinanso: kumalire kumeneko fumbi limacepa mofulumira kuposa okosijeni. Akatswiri ambiri amafotokoza kuti timbewu timakulira m'mitambo yozizira, kumene timatola zinthu zolemera, ndipo pamene zinthuzo zili zocepa kukulako kumacedwa. Miyeso imeneyi Mai Tinsley sanaione, koma masamu oiwerengera anaikidwa pa maziko ao.

Moyo wao wa kunyumba sunali wopepuka. Mu 1974 ukwati unatha, ndipo ana awiri amene iwo ndi amuna ao anawatenga kuti awalere anatsala ku Texas. Mu 1975 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Yale, ndipo mu 1978 anakhala mai woyamba kukhala pulofesa wa sayansi ya zakuthambo pamenepo. Caka comweco madokotala anawapeza ndi khansa ya pakhungu. Anapitiriza kulemba ali pa bedi la cipatala, natumiza pepala lao lomaliza, lonena za kunona kwa mpweya wa pafupi ndi dzuwa lathu, kutatsala masiku 10 kuti amwalire. Anatisiya pa 23 Marichi 1981 ku New Haven, ali ndi zaka 40.