Francesco Griffo

Francesco Griffo (anabadwa cha m'ma 1450, anamwalira cha m'ma 1518), wodziwikanso kuti Francesco da Bologna, anali mmisiri wa ku Italy wosema zilembo zosindikizira mabuku. Amadziwika kwambiri ngati munthu woyamba kupanga zilembo zopendekeka, zomwe masiku ano zimatchedwa italic.

Ntchito yake ku Venice

Griffo anali wa ku Bologna, koma anatchukira ku Venice komwe ankagwira ntchito kwa Aldus Manutius, mwini nyumba yosindikiza mabuku ya Aldine Press. Chilembo chilichonse ankachisema pamanja pansonga ya kachitsulo kolimba. Kachitsuloko ankakakhomera pa mkuwa kuti pakhale chikombole, ndipo m'chikombolemo ankathiramo mtovu wosungunula. Mwa njira imeneyi anapanga zilembo za Chigiriki komanso zilembo zoongoka zimene zinasindikizira buku la Pietro Bembo lotchedwa De Aetna mu 1496.

Mu 1501 Manutius anatulutsa ndakatulo za Virgil m'kabuku kakang'ono kotha kunyamulidwa m'manja, ndipo mawu ake onse anali m'zilembo zopendekeka za Griffo. Zilembozi zinkatsanzira kalembedwe kapamanja ka anthu ophunzira a nthawiyo, n'chifukwa chake zambiri zinali zolumikizana ziwiriziwiri ngati zolembedwa ndi cholembera. Zilembo zazikulu zokha zinali zoongoka. Pa nthawiyo italic inali yosindikizira buku lonse. Chizolowezi choigwiritsa ntchito potsindika mawu ochepa pakati pa zilembo zoongoka chinadzayamba pambuyo pake.

Kusemphana ndi Manutius

Boma la Venice linapatsa Manutius chilolezo choti iye yekha ndiye azisindikiza ndi zilembo zopendekekazi. Izi zinamutsekera Griffo mwayi wogulitsa luso lake kwa osindikiza ena a mumzindawo, ngakhale kuti ku Lyon, m'dziko la France, anthu ankazikopera osaopa kanthu. Griffo anachoka ku Venice n'kukasemera zilembo Gershom Soncino ku Fano. M'buku la ndakatulo za Petrarch la 1503, Soncino analemba poyera kuti mwini luso la zilembozo anali Griffo, osati Manutius.

Mu 1516 Griffo anayamba kusindikiza yekha timabuku ku Bologna. Zolembedwa za 1518 zimasonyeza kuti anaimbidwa mlandu wopha mkamwini wake pomumenya ndi chitsulo, ndipo dzina lake silipezekanso pambuyo pa chaka chimenecho.

Zilembo zake masiku ano

Mu 1929 kampani ya Monotype inatulutsa zilembo zotchedwa Bembo, zotengera zija za mu De Aetna, ndipo zikugwiritsidwabe ntchito m'mabuku ambiri. Dzina lomwe zinapatsidwa ndi la wolemba bukulo, osati la wosema zilembo. Italic ya Bembo nayo sinatengere ya Griffo, koma kalembedwe ka Giovanni Antonio Tagliente, mphunzitsi wa kulemba pamanja wa ku Venice.