Mbusa John Chilembwe ndi thukuta la makolo athu

Tikapita kumsika wa kumalire ku Milange timagwira ndalama za kwacha zokhala ndi nkhope ya bambo wovala taye. Ambiri timangodziwa kuti ndi Chilembwe wa ku Malawi, basi. Koma ine ndikuti mbiri yake ndi yathunso, chifukwa ambiri mwa anthu amene iye ankawamvera chisoni anali Alomwe ochokera kuno kwathu.

John Chilembwe anabadwira ku Chiradzulu cha m'ma 1871. Mu 1892 anayamba ntchito panyumba ya mmishonale wachingelezi, Joseph Booth, amene ankaphunzitsa kuti mishoni izidzidyetsa yokha ndi ulimi ndi ntchito zamanja. Mu 1897 awiriwa anapita ku America, ndipo Chilembwe anakaphunzira zaubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Kumeneko anaona anthu akuda, ana a akapolo, akudzimangira okha masukulu ndi matchalitchi.

Atabwerera mu 1900 anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu konko. Thandizo la ndalama linkachokera ku mpingo wa anthu akuda a ku America wa National Baptist Convention, umene unatumizanso Landon Cheek ndi mayi Emma DeLany kudzathandiza. Maganizo ake anali oti munthu wakuda aphunzire, azivala mwaukhondo, asiye mowa, alime mbewu zogulitsa monga thonje ndi khofi, ndipo amayi aphunzire kusoka. Mu 1909 iye ndi amalonda anzake achikuda anayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union kuti azithandizana. Pofika 1912 masukulu ake anali ndi ana pafupifupi 1,000, ndipo mu 1913 anamaliza tchalitchi chachikulu chanjerwa. Zimene lero timazitcha chitukuko chodzidalira, iye anaziyamba kalekale.

Nanga chinavuta n'chiyani? Pafupi ndi Mbombwe panali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene ankalima thonje lopita ku mafakitale a ku Ulaya. Antchito ambiri kumeneko anali Alomwe amene anathawa kuno ku Zambezia poopa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi ndi makampani awo. Njala ya 1912 ndi 1913 inawonjezera chiwerengero chawo. Agogo anga ankasimba kuti abale awo ena anawoloka nthawi imeneyo ndipo sanabwererenso. Atafika kutsidyako anapeza thangata: kuti ukhale pamalo a mzungu, uyenera kumugwirira ntchito ngati lendi, kuwonjezera pa ntchito yopezera msonkho wa nyumba. Mlendo wopanda malo sakanakana, chifukwa akanapirikitsidwa. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ankadziwika ndi nkhanza, ndipo anatentha matchalitchi audzu amene anthu a Chilembwe anamanga pamalopo, omwe analinso masukulu.

Apa ndi pamene Chilembwe anaona kuti sukulu ndi khasu pazokha sizikwanira ngati malo, malipiro ndi mtengo wa mbewu zikugamulidwa ndi anthu okhala kutali. Iye mwini anali ndi ngongole, Cheek ndi DeLany anali atabwerera kwawo pofika 1906, ndipo thandizo lakunja silinkakwanira. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti amphawi akutengedwa kukafera nkhondo ya eni chuma. Boma silinamve.

Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Livingstone ndi azungu ena awiri anaphedwa. Kuukirako kunatha m'masiku ochepa, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa m'dera la Mulanje akuthawira kumalire athu ano. Otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa, ndipo tchalitchi chija anachigumula ndi mabomba. Mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Lero Amalawi amamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Ine sindikuyamikira kukhetsa mwazi ayi. Kunabweretsa maliro okhaokha, ndipo thangata silinathe. Koma funso lake lidakalipo. Kumbukirani 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo amene limagula kunja. Mtengo unagwa kuno ku Milange, matumba n'kungokhala m'nyumba akufumbwa. Amene anagamula zimenezo sanamvepo za Mongue, koma fizi ya ana athu inasowa.

Mabungwe akabwera ndi mjigo, mbewu kapena sukulu, tilandire ndi manja awiri, monga Chilembwe analandirira thandizo la ku America. Komanso tisamachite manyazi kufunsa: malowa ali m'dzina la yani? Mtengo akuika ndani? Pulojekiti ikatha, chotsala m'manja mwathu n'chiyani? Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tikambirane zogulitsa nandolo ndi chimanga pagulu m'malo moti aliyense azipita yekha kwa mavenda, ndipo maganizo athu tiwatumize ku wailesi kuti midzi ina imve.