William Rittenhouse: Mmisiri wa Mapepala Amene Anaweta Mpingo

Lero tikumbukira William Rittenhouse, mlaliki woyamba wa mpingo wa Mennonite ku America. Akhristu a mpingowu amatsata chiphunzitso cha Menno Simons: sabatiza makanda koma anthu ovomereza okha chikhulupiriro, ndiponso amakana kumenya nkhondo.

Rittenhouse anabadwa m'chaka cha 1644 kufupi ndi Mülheim m'dziko la Germany. Ali mnyamata anaphunzira luso lopanga mapepala, kenaka anakakhala ku Amsterdam. M'chaka cha 1688 anaoloka nyanja ndi banja lake nakakhazikika ku Germantown, mudzi umene unamangidwa mu 1683 pafupi ndi Philadelphia. Anthu ambiri kumeneko anali oomba nsalu, choncho sanza sizinkasowa. Poona izi, mu 1690 iye anamanga chigayo choyendera madzi chosandutsa sanzazo kukhala mapepala, ndipo chinali choyamba m'maiko a Angerezi ku America. Madzi osefukira atachikokolola, sanagwe mphwayi, anamanga china.

Koma mtolo wolemera unali wa mpingo. Abale ankapembedzera m'nyumba za anthu, ndipo m'zaka za m'ma 1690 anasankha Rittenhouse kukhala mlaliki wao. Tsono mwambo wao unkati bishopu yekha ndiye abatize ndi kugawa Mgonero. Bishopu kunalibe. Ana anakula, ena anatembenuka mtima, koma wowabatiza panalibe. Abalewo analembera kalata akulu a mpingo ku Hamburg kuti awatumizire bishopu. Yankho linali lakuti ulendowo ndi wautali, choncho asankhe mmodzi pakati pao. Rittenhouse, munthu woopa kudzikweza, anazengereza zaka zingapo. Pomaliza anavomera, koma imfa inamtenga mu February 1708 asanabatize munthu ndi mmodzi yemwe.

Ngakhale zinatero, njira inali italambulidwa. Mu May chaka chomwecho mlaliki mnzake, Jacob Gottschalk, anabatiza anthu 11, Mgonero woyamba unadyedwa, ndipo abale anamanga tchalitchi chamitengo. Mu 1770 anamanga chamiyala pamalo omwewo. Mu 1854 Germantown anakhala mbali ya mzinda wa Philadelphia, ndipo mpingo wa kumudzi uja unasanduka wa mumzinda.

Aphunzitsi ndi achinyamata, taonani: abale aja anadikira thandizo la kutsidya kwa nyanja zaka zambiri, pamene munthu woyenera anali nawo pomwepo, manja ake ali pa sanza.