Ferruccio Lamborghini: mwana wa mlimi amene anapikisana ndi Ferrari

Mlimi wa ku Lirangwe kapena ku Chileka akamva dzina la Lamborghini angaganize za galimoto za anthu a ndalama okhaokha. Komatu mwini dzinalo anali mwana wa mlimi, ndipo chuma chake chinayambira pa mathirakitala.

Ferruccio Lamborghini anabadwa pa 28 Epulo 1916 ku Renazzo m'dziko la Italy, m'banja lolima mphesa. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali makaniko wa asilikali pa chilumba cha Rhodes. Atabwerera kwawo anayamba kupanga mathirakitala kuchokera ku zitsulo za galimoto zankhondo zotsala, ndipo mu 1948 anakhazikitsa kampani yake.

Atalemera anagula Ferrari, koma klatchi yake inkamuvutitsa. Mbiri imati atakadandaula kwa Enzo Ferrari, mkuluyo anamunyoza poti anali wopanga mathirakitala chabe. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Ferrari sanamve. Mu 1963 Lamborghini anatsegula fakitale yake ya galimoto ku Sant'Agata Bolognese.

Mpikisano wa awiriwa umaonekera bwino pa galimoto ziwiri zimene osunga galimoto zakale amazilimbirana mpaka lero. Lamborghini Miura inatuluka mu 1966, ili ndi injini ya masilinda 12 yoikidwa chopingasa kumbuyo kwa woyendetsa. Mu 1968 Ferrari anatulutsa 365 GTB/4, yotchuka ndi dzina loti Daytona, injini yake ili kutsogolo monga mwa kale. Daytona ndi yokhazikika pa ulendo wautali, pamene Miura ndi yaphokoso ndi yotentha m'kati. Komabe Miura ndiyo inasintha kapangidwe ka galimoto zaliwiro, ndipo Ferrari yemwe pambuyo pake anatsata njira yomweyo. Ma Miura anapangidwa osakwana 800, pamene ma Daytona anapitirira 1,200, ndipo kusowako kumathandiza kukweza mtengo wa Miura.

Zinthu zinasokonekera pamene dziko la Bolivia linabweza mawu pa mathirakitala ambiri amene linaitanitsa. Mu 1972 Lamborghini anagulitsa gawo lalikulu la kampani ya galimoto, ndipo pofika 1974 anali atachokamo kotheratu.

Anabwerera kumunda, pafupi ndi nyanja ya Trasimeno, komwe ankalima mphesa ndi kupanga vinyo monga makolo ake. Anamwalira ku Perugia pa 20 Febuluwale 1993 ali ndi zaka 76.