A Bulazala Lawrence, wophika amene anadziwa Mulungu pakati pa mapoto

Pamene tikukumbukira kuyamba kwa chiyanjano chathu kuno ku UK, a komiti anandipempha kuti m'kabuku kano ndilembemo mbiri ya munthu mmodzi wa chikhulupiriro. Ine ndasankha munthu amene sanakhalepo m'busa kapena wansembe, ndipo sanaimepo pa guwa kulalikira. Anali wophika, kenaka wosoka nsapato, wotsimphina mwendo umodzi, ndipo anamwalira ku Paris m'chaka cha 1691. Ndawasankha chifukwa ndikudziwa mmene sabata imathera kwa ambiri a ife. Wina Lamulungu limamupeza ali pa shifiti m'nyumba yosamalira okalamba, wina akukolopa m'maofesi anthu ali m'tulo, wina akutsuka mbale m'khitchini ya hotela pomwe kwathu anali mphunzitsi wolemekezeka. Ndiye pamabwera funso limene timachita nalo manyazi kulifunsa pagulu: kodi m'moyo woterewu Mulungu ndingamudziwe nthawi yanji?

Dzina lawo lobadwa nalo linali Nicolas Herman. Anabadwa cha m'ma 1614 m'mudzi wa Hériménil, pafupi ndi tauni ya Lunéville, m'chigawo cha Lorraine chomwe lero chili kum'mawa kwa dziko la France. Makolo awo anali anthu wamba oopa Mulungu, ndipo a Nicolas sanapite patali ndi sukulu. Anakula m'nthawi ya nkhondo yaikulu ya ku Ulaya imene inayamba mu 1618 n'kudzatha mu 1648, zaka 30 zathunthu. Nkhondoyi inasakaza kwambiri dera la kwawo. Midzi inkatenthedwa, njala ndi miliri zikutsatira pambuyo.

Ali ndi zaka 18, tsiku lina m'nyengo yachisanu anaona mtengo wopanda tsamba n'limodzi lomwe. Ife amene tikukhala kuno mitengo yotere timaidziwa. Chisanu choyamba umachita kuganiza kuti yonse yauma, monga umaonekera mlambe m'chilimwe mvula isanagwe. A Nicolas atauyang'ana mtengowo anaganiza kuti posachedwa uphuka masamba, kenaka maluwa, kenaka zipatso, popanda munthu woukakamiza. Pamenepo mtima wawo unagwidwa ndi mphamvu ya Mulungu ndi chisamaliro chake. Atakalamba ankanenabe kuti zimene anaona tsiku limenelo sizinafafanizike mumtima mwawo, ndipo ndi pomwe chikondi chawo pa Mulungu chinayaka.

Komatu moyo sunafewe chifukwa cha zimenezo. Cha m'zaka zomwezo analowa usilikali. Nthawi ina anagwidwa ndi asilikali a chi German amene ankawaganizira kuti ndi kazitape, mpaka kuwaopseza kuti awapachika, koma pambuyo pake anawamasula. Mu 1635 anavulala mwendo pa nkhondo ya ku Rambervillers, n'kubwerera kwa makolo awo. Kuvulalako kunawasiya akutsimphina moyo wawo wonse. Anayesapo kukakhala kwaokha kutali ndi anthu kuti azingopemphera, koma sizinawayendere. Anagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina dzina lake Fieubet, msungichuma wa boma, ndipo eni akewo ankadzinena kuti anali munthu wa manja olemera, woswa chilichonse chimene wagwira.

Mu 1640, ali ndi zaka pafupifupi 26, anakagogoda pa nyumba ya chipani cha a Carmelite mumsewu wa Vaugirard ku Paris. Amalume awo analinso m'chipani chomwecho. Popeza analibe maphunziro a unsembe, analandiridwa ngati bulazala, kutanthauza m'bale wogwira ntchito zamanja pa nyumbapo. Anapatsidwa dzina latsopano, Lawrence wa Kuuka kwa Akufa, ndipo mu 1642 anachita malumbiro awo. Ankaganiza kuti kumeneko akalangidwa chifukwa cha zolakwa zawo ndi kusalongosoka kwawo, n'kupereka moyo wawo ngati nsembe. Pambuyo pake ankaseka ponena kuti Mulungu anawapusitsa, chifukwa m'malo mwa chilango anakapezako kukhutira.

Kukhutirako sikunabwere msanga ayi, ndipo apa ndikufuna timvetsetsane, poti ena amafotokoza mbiri imeneyi ngati kuti munthuyu anangobadwa ali pa mtendere. Zaka khumi zoyambirira zinali zowawa. Machimo awo akale ankangowabwerera m'maganizo, ndipo kwa zaka zinayi ankakhulupirira ndithu kuti iwo ndi otayika, kumwamba sakakulowa. Panalibe munthu amene akanatha kuwachotsa maganizo amenewo. Chimene anachita n'chakuti anatsimikiza mtima kuti poti anabwera chifukwa chokonda Mulungu, apitiriza kuchita zonse chifukwa cha chikondi chomwecho, zivute zitani. Atasiya kudziyang'ana okha n'kuyamba kuyang'ana chifundo cha Mulungu, mtendere unafika, ndipo sunachokenso. Ngati pali wina pakati pathu amene akuyenda mumdima wotere, akupemphera koma kumwamba kuli zii, adziwe kuti si woyamba.

Ntchito imene anapatsidwa inali ya kukhitchini, ndipo mwachibadwa chawo ntchitoyi sankaikonda n'komwe. Anaigwira zaka 15, kuphikira nyumba imene nthawi zina munkakhala anthu pafupifupi 100. Amayi a chiyanjano chino amene amaphika pa maukwati ndi pa maliro akudziwa tanthauzo lake. Moto ukufuna nkhuni, mphika ukusefukira, uyu akufuna ichi, uyo akuitana uko, mwendo nawo ukuwawa. Mmenemo ndi mmene anaphunzirira chimene lero anthu amawadziwa nacho, ndicho kukhala pamaso pa Mulungu nthawi zonse.

Njira yawo inali yosavuta kuimva. Asanayambe ntchito ankauza Mulungu kuti payekha sangathe, ndiye awathandize. Ntchito ili mkati ankalankhula naye mwachidule, ngati mmene umalankhulira ndi munthu amene uli naye m'chipinda chimodzi: kupempha apa, kuthokoza apo, osasiya kusenda kapena kutakasa. Akamaliza ankayang'ana mmene ayendera. Ngati zayenda bwino, ankathokoza. Ngati alakwitsa, ankavomera pomwepo, n'kunena kuti akasiyidwa okha ndi mmene angamachitire nthawi zonse, kenaka n'kupitiriza osakhalira kudzimenya. Maganizo akathawira kwina, monga amachitira a tonsefe, ankangowabweza mofatsa. Iwo eni anavomera kuti poyamba zinali zovuta, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, mpaka chinakhala chizolowezi.

Ankaphunzitsa kuti kuyera mtima sikudalira kusintha ntchito, koma kuchitira Mulungu zomwezo zimene timadzichitira tokha masiku onse. Kutembenuza dzira m'chiwaya, kwa iwo, kunali kotheka kuchitika chifukwa chokonda Mulungu, ngakhalenso kutola kaudzu pansi. Mulungu sayang'ana kukula kwa ntchito koma chikondi chimene waigwirira. N'chifukwa chake ankati nthawi ya phokoso la mapoto ndi nthawi yogwada m'tchalitchi sizinkasiyana kwa iwo. Zimenezi si zachilendo kwa wowerenga Baibulo. Pa Akolose 3:23 Paulo akulangiza antchito kuti ntchito yawo aziigwira ndi mtima wonse poganizira Ambuye, ndipo pa 1 Atesalonika 5:17 akutiuza kuti pemphero lisamaduke. A Bulazala Lawrence anangotenga mawu amenewa n'kulowa nawo kukhitchini.

Nthawi ina anatumidwa ku Burgundy kukagula vinyo wa pa nyumbapo. Ulendowu sanaukonde, chifukwa za malonda sankazidziwa, ndipo ndi mwendo wawo uja sankatha kuyenda m'bwato koma kuchita kugubuduka pamwamba pa migolo. Anangouza Mulungu kuti ntchitoyi ndi yake, ndipo pobwera anapeza kuti zonse zayenda bwino. Mwendo utafika povuta kwambiri, akuluakulu anawachotsa kukhitchini n'kuwapatsa ntchito yosoka ndi kukonza nsapato za abale anzawo, imene ankatha kuigwira atakhala pansi.

Chodabwitsa n'chakuti anthu anayamba kubwera kudzafuna uphungu kwa wosoka nsapatoyu, osauka ndi ophunzira omwe. Wansembe wina, a Joseph de Beaufort, anacheza nawo kanayi pakati pa 1666 ndi 1667, n'kumalemba zimene amva. François Fénelon, mlembi wotchuka amene anadzakhala bishopu wamkulu wa ku Cambrai, nayenso anawayendera. Ena ankawalembera makalata. M'kalata ina, polangiza za mnyamata amene anali ku usilikali, anati ngakhale munthu ali pa ulendo wa nkhondo chida chili m'manja, kungokweza mtima kwa Mulungu kwa kamphindi n'kokwanira, ndipo m'kalata inanso anati sipafunika kufuula chifukwa Mulungu ali pafupi kuposa mmene timaganizira.

M'zaka zawo zomaliza anadwala kwambiri katatu. Pa 6 February 1691 analemba kalata yawo yotsiriza, mmene ananena kuti akuyembekeza, mwa chifundo cha Mulungu, kumuona m'masiku ochepa. Patangopita masiku awiri anagona pa mphasa. Ali chigonere, m'bale wina anawafunsa chimene ankachita ndi chimene chinali m'maganizo mwawo. Anayankha kuti akuchita chomwecho chimene adzakhale akuchita kwamuyaya, ndicho kutamanda Mulungu, kumupembedza ndi kumukonda ndi mtima wonse. Anamwalira Lolemba m'mawa, pa 12 February 1691, ali ndi zaka pafupifupi 77.

Yankho limenelo ndi limene landichititsa kulemba mbiri yonseyi. Ambiri tinakula tikumva za moyo wosatha ngati chinthu chimene chimayamba bokosi likatsikira m'manda. Koma pa Yohane 17:3, m'pemphero lake usiku woti aperekedwa, Ambuye Yesu akufotokoza moyo wosatha ngati kudziwana ndi Atate, Mulungu woona yekhayo, ndi Mwana amene anamutuma. Ngati zili choncho, ndiye kuti moyowo umayamba pompano, ndipo imfa siudula. A Bulazala Lawrence sanaope kufa chifukwa sankapita kwa mlendo. Ankapita kwa amene anakhala akucheza naye zaka 50 pakati pa utsi ndi zikopa za nsapato.

Atamwalira, a Beaufort anasonkhanitsa makalata awo, timalangizo tawo ndi zokambirana zija n'kuzisindikiza mu 1692 ndi 1694. M'Chingerezi kabukuka kamadziwika ndi dzina lakuti The Practice of the Presence of God. N'kakang'ono, kotha kuwerenga pa basi popita ku ntchito, ndipo ngakhale mwini wake anali Mkatolika, akhristu a mipingo yosiyanasiyana akhala akukakonda kwa zaka zoposa 300. Malo amene ankakhala alipobe mumsewu wa Vaugirard, pomwe lero pali sukulu ya ukachenjede ya Institut Catholique de Paris ndi tchalitchi cha Saint-Joseph-des-Carmes.

Tsono pasakhale wina wonena kuti basi, poti Mulungu ali ku ntchito, ku chiyanjano kulibenso phindu. A Bulazala Lawrence sankajomba mapemphero a pamodzi ndi abale awo, ndipo moto wa kukhitchini uja unkasonkhezeredwa ndi Mawu ndi chiyanjano. Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika. Komanso kugwirira Ambuye ntchito sikutanthauza kukhala chete bwana akamakuberani maola kapena kukuchitirani nkhanza, ndipo sikuletsa munthu kuphunzira kuti apeze ntchito yabwinoko. Chimene mbiri iyi ikutiletsa ndi kumuikira Mulungu tsiku. Timati ndidzapemphera bwino mapepala akadzatuluka, ndikadzamaliza nyumba kumudzi, ana akadzamaliza sukulu, ndikadzasiya mashifiti a usiku. Zaka zikupita, abale, ndipo ena amene tinayamba nawo chiyanjano chino tinawaperekeza kale.

Pempho langa kwa inu nonse m'chaka chikubwerachi ndi laling'ono. Musanalowe pa khomo la ku ntchito, muuzeni Ambuye kuti mukulowa nawo. Mukamasambitsa gogo amene sakukudziwani n'komwe, kapena amene wakulankhulani mawu opweteka, kwezani mtima kwa kamphindi, palibe amene akuoneni. Mukamadikira basi m'bandakucha chisanu chikulasa m'mafupa, thokozani pa chinthu chimodzi. Mukalakwitsa, lapani pomwepo, dzukani, pitirizani. Amayi amene muli pakhomo ndi ana aang'ono, achinyamata amene muli ku koleji, abambo oyendetsa galimoto usiku wonse, zimenezi n'zanu nonse, ndipo sizifuna viza kapena digiri.

Mulungu amene watisunga m'dziko la eni zaka zonsezi atipatse chisomo chomudziwa pamene tili, ndi ntchito imene ili m'manja mwathu lero, kuti tsiku lodzamuona maso ndi maso tidzakhale titazolowerana naye kale. Ambuye adalitse chiyanjano chathu ndi mabanja athu, kuno ndi kumudzi. Amen.